Tchuthi cha ku Oslo

"Amayi, taonani! Amakwera sitima mpaka pamwamba pa phiri, kenaka n'kutsetsereka pa kathabwa mpaka pansi!"

Lonjezo anali atabweretsa foni pamphuno penipeni pa mayi ake. Deborah anaikankha ndi chigongono, popeza manja anali m'beseni la zochapa. Sabata yonseyo m'nyumba mwawo ku Buruburu mu mzinda wa Nairobi munalibe nkhani ina koma Oslo. Morris, mwamuna amene Deborah anasiyana naye kalekale, anali atakhala nzika ya Norway, ndipo tsopano ankatumizira ana ake awiri timavidiyo m'mawa ndi madzulo. Lero maboti opita ku tizilumba, mawa ana akuumba zidole za chipale chofewa. Ankafuna kuti anawo akadyere Khirisimasi kwa iye.

"Kuli nyumba ina ya sayansi, ya ana," anatero Chimango, mwana wamkulu. "Umagwira chilichonse, palibe wokukalipira."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anayankha Deborah. "Simupita."

Sikuti ankawamana chisangalalo. Ankaopa. Ankamudziwa bwino Morris: munthu wolankhula mofatsa, amene akabwereka chinthu amaiwala njira yobwezera.

Koma Morris naye ankadziwa khomo loyenera kugogoda. Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, a Limbani, mchimwene wake wa Deborah, anatsika matatu, minibasi ya kumeneko, kuchokera ku Kangemi kumene ankagwira ntchito ya mpingo. Anakhala pampando wa pakona, naimika ana m'mbali mwawo ngati akujambulitsa.

"Alamu anandiimbira," anayamba motero. "Apempha mwaulemu, monga mwa mwambo. Ine ndavomera."

"Mwavomera osandifunsa, achimwene?"

"Mlongo wanga, mwini mbumba ndani pano? Ana awa ndi athu. Kwathu bambo ndi tambala chabe, anapiye amatsata thadzi. Morris ndi wa ku Dedza ngati ife, zimenezi anayamwira. Angawasunge bwanji ana a eni?"

"Ku Dedza n'ku Dedza. Uko n'kwina."

"Iwe, Nairobi yakulowa m'mutu eti? Mwambo sutsalira pa eyapoti. Akachita zopusa ndiimbira ankhoswe ake, ana abwera mawa lake."

Deborah anayang'ana ana ake. Maso onse anayi anali pa iye, akupempha. Akanakana, akanakhala mayi wouma mtima pamaso pa ana, komanso mlongo wamwano pamaso pa abale onse kumudzi. A Limbani ndiwo anamulipirira sukulu bambo awo atamwalira, ndipo anali asanawatsutsepo chibadwire. Deborah anagonja.

"Sawa. Koma sukulu ikamatsegulira akhale ali pano."

Anapita yekha ku Eastleigh kukagula majekete okhuthala, akupanikizana ndi ngolo za katundu, akunenerera mitengo m'Chiswahili chake chothyokathyoka. Morris anabwera kudzatenga anawo. Anagwada pamaso pa a Limbani, nawomba m'manja, nawapatsa wotchi yatsopano. Alamu akewo anasekerera mpaka mano a kumapeto kuonekera.

Masiku oyamba foni sinkapuma. Lonjezo anagwa pa chipale n'kudzuka akuseka. Chimango anakwera ngalawa, anaona zombo zakalekale m'nyumba yosungira zakale, anaphunzira kuyenda pa madzi oundana atagwira mkono wa mkazi watsopano wa bambo ake. Deborah ankaseka nawo pa foni, akaidula n'kumva nsanje ndi mantha. Iye chimene ankawachitira pa tchuthi chinali kuwagulira chipisi pamsika ndi kuwauza kuti asasewere kumsewu.

Chaka chatsopano chinalowa. Ana a anthu oyandikana nawo anayamba kudutsa pakhomo m'mamawa atavala yunifolomu, koma Morris sanatchule za ndege. Mauthenga ankawawerenga osayankha. Loweruka masana Deborah anaitanitsa a Limbani, naimba foni ya kanema ali pomwepo.

Morris anayankha ali panja, atavala chipewa chaubweya, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Kumbuyo kwake ana ambirimbiri ankakuwa pa chitunda choyera.

"Amake Chimango, ndimafuna tikambirane mofatsa. Anawa akhazikika. Ayamba sukulu kuno Lolemba."

A Limbani analanda foni m'manja mwa Deborah.

"Alamu, mwayamba misala? Ana amenewo ndi mbumba yanga. Ndinakubwerekani ine, ndipo ndikuti abwere sabata ino!"

"Pepani alamu," anatero Morris, mawu ake ali ofewa ngati kale. "Kuno malume sawerengedwa. Amafunsa za bambo ndi mayi basi. Ngati amake akudandaula, apeze loya, nkhani ikalowe kukhoti. Zimatenga nthawi, koma n'zotheka."

"Ndiimbira ankhoswe anu!"

"Aimbireni. Muwapatsenso moni."

A Limbani, munthu amene ankagamula milandu ya mbumba yonse pa foni, anangoima pakati pa chipinda, thukuta lili kamukamu. Deborah sanawakalipire. Mkwiyo unalipo, koma unalibenso ntchito. Anatenga foni m'manja mwawo.

"Ndipatseni ana anga."

Chimango akuti anali atapita kosambira ndi anzake atsopano. Anabwera Lonjezo, masaya atauma ndi kuzizira, akupuma mwawefuwefu.

"Amayi! Ndikutha kutsetsereka ndekha tsopano!"

"Mwana wanga, ukufuna kubwera kunyumba? Undiuze ine mayi ako, usaope."

Mwanayo anayang'ana kumbali, kumene wina ankamuitana m'chiyankhulo chimene Deborah sankachimva. Ndipo iye anayankha m'chiyankhulo chomwecho.

"Amayi, dikirani pang'ono, yafika nthawi yanga. Musadule!"

Anaika foni pabenchi n'kuthamanga. Pagalasi panangotsala thambo lotuwa ndi nthambi ya mtengo wopanda masamba. Chapatali kunkamveka kuseka kwa ana, ndipo Deborah ankatha kulekanitsa kwa mwana wake pakati pa onsewo.

"Mlongo wanga," ananong'ona a Limbani, "dula, tione chochita."

Deborah anapukusa mutu, misozi ikugwera pagalasi.

"Wati ndisadule."