Ngodya Yokhota ya Nsalu ya Mgonero

Nsalu ya pa tebulo la mgonero anamupatsa Lachinayi, msonkhano wa amayi utatha. Inali ntchito yake yoyamba mu mpingo umenewu. Miyezi isanu chisamukire kuno ndi makina ake osokera, telalayu ankangokhala pa benchi yachitatu kuchokera kumbuyo, kuletsa mapasa ake kutsinana, ndi kuyankha moni kwa anthu amene ankamutchulabe kuti “mayi achilendo aja.”

A Tcheya a amayi, munthu wa mawu omveka mpaka kutsidya kwa msewu, ndi amene anamuika nsaluyo m’manja.

“Muchape, musite, mubwere nayo Loweruka masana. Sopo wa fungo ayi. Zinazo sindinena, inu ndinu telala, nsalu mumazidziwa kuposa ife.”

Ananena zomwezo basi, n’kutembenuka kukakalipira wina amene anasiya tsache pakhomo.

Lachisanu m’mawa anaiyala pa tebulo lake lodulirapo, pakhonde la sitolo pamene amasokera. Inali nsalu yoyera, yolemera, yopetedwa pamanja kuzungulira m’mphepete monse: masamba obiriwira ndi timaphava ta mphesa ta ulusi wofiirira. Anaitembenuza kuti aone kuseri, chifukwa mmisiri amadziwikira kuseri. Kunali koyera ngati kumaso, popanda mfundo ngakhale imodzi yolendewera. Telala anagwedeza mutu. Amene anapeta izi ankadziwa singano.

Ngodya zitatu zinali choncho. Atafika pa yachinayi anatsonya.

Phava lomaliza linali lokhota. Misoko ina yaitali, ina yaifupi, mfundo zili kumaso, tsamba lagwa ngati khutu la galu. Zinkaoneka kuti mwana anatola singano amake atatuluka, kapena wina wosadziwa ntchito anayesa kumalizitsa.

“Mpingo wonse uja palibe waona izi?” anadzifunsa mokweza.

Mayunifolomu a sukulu anali mulu pampando, msana ukumuwawa kuyambira Lolemba, ndipo kunyumba kunali zochapa zake zomwe. Koma pali zinthu zimene telala sangathe, ndipo china mwa izo ndi kusita msoko wokhota n’kuupereka kwa eni ake. Sanagwiritse lezala, poopa kucheka nsalu. Anasomola ndi nsonga ya singano, msoko umodziumodzi, mpaka ulusi wakalewo unatuluka wonse, wofwifwa, wopindikapindika. Anaukulunga pa kamtengo ka machesi n’kuponya m’chitini cha mabatani, poti iye ulusi sataya, ngakhale wotalika ngati chala. Kenako anasankha wake wofiirira wofanana nawo, napeta phava latsopano.

Zinamutengera maola awiri. Atamaliza, ngodya zinayi zonse zinali ngati zobadwa tsiku limodzi. Sanali munthu wodzitama, koma pochapa nsaluyo ankang’ung’udza nyimbo. Mumtima ankati mwina tsopano aleka kumutchula mlendo.

Loweruka masana anapeza amayi akukolopa m’tchalitchi, mabenchi atawakankhira kukhoma. A Tcheya analandira nsalu, nainunkhiza kaye, navomera ndi mutu. Anaiyala pa tebulo mothandizana ndi a Namwino, mayi wopuma ntchito ya kuchipatala amene sankasowa chonena pa chilichonse.

Kenako a Tcheya anayamba kuzungulira tebulo. Anagwira ngodya yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Anazunguliranso.

“Ili kuti?”

“Chiyani, mayi?”

“Ngodya ija. Yokhota ija.”

“Ndakonza,” anatero telala. “Inali yoipa. Musadandaule, ndangothandiza.”

Mopu unaleka kulira pansi. A Namwino anakhala pa benchi, manja pamutu.

“Mayo ine, mwatipha.”

A Tcheya, amene mawu awo ankadzutsa ogona pa ulaliki, analankhula motsitsa, ndipo zimenezo n’zimene zinamuopsa telala.

“Mumawadziwa a Belu?”

Ankawadziwa. Agogo aatali, oonda, amene anaimba belu la tchalitchi zaka makumi atatu mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Tsopano maso anachita khungu pang’ono, ndipo ankayenda ndi ndodo.

“Nsalu iyi anapeta ndi akazi awo. Ngodya zitatu anapeta ali bwino. Yachinayi anamalizira pa bedi la kuchipatala, manja akunjenjemera, kutatsala masabata atatu kuti atisiye. Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Tikamayala, ngodya imeneyo timaika kutsogolo, mbali ya kumanzere, pamene a Belu amadutsa. Amaigwira ndi chala, kenako n’kulandira mgonero. Aliyense amadziwa zimenezi.”

Telala anawayang’ana kumaso.

“Aliyense ndani?”

“Aliyense, mpingo wonse.”

“Ine ndakhala pano miyezi isanu, mayi. Ndimakhala kumbuyo uko, ndimangoona misana. Ndani anandiuza? Kapena aliyenseyo ine mulibemo?”

A Tcheya anayang’ana nsalu, a Namwino anayang’ana denga.

Kenako nzeru zinayamba kutuluka, monga zimachitikira amayi akakhala asanu pamodzi. Wina anati angoyala, agogowo saona. A Namwino anati maso ndiye saona, koma chala chija chimaona kuposa magalasi a abusa. Wina anati telala asomolenso, apete mokhotetsa dala, usiku usanafike zikhala zatha.

Akanatha. Ankakumbukira msoko uliwonse mmene unakhalira. Koma anaganiza za nkhalamba ikusisita bodza lake ndi chala, pa tebulo la Ambuye, mwezi ndi mwezi, iye ali kumbuyo kuno akudziwa. Anapinda nsalu ija.

“Amakhala kuti?”

“Ndipita ndine,” anatero a Tcheya. “Ndine ndinakupatsani osakuuzani.”

“Munasomola ndinu? Ndiuzeni njira basi.”

Anadzera kusitolo, natenga chitini cha mabatani ndi singano. Panjira ankawerengera mumtima zimene zichitike. Agogowo akalira, nkhani ifika nyumba iliyonse dzuwa lisanalowe, ndipo mawa iye adzakhala mayi uja anafafaniza dzanja la malemu. Sadzathanso kulowa pakhomo lija. Matchalitchi ena alipo, inde, koma kukayambanso kukhala mlendo, kuphunziranso nkhope, kukokera mapasa ku Sande sukulu ina pamene kuno angopeza kumene anzawo? Anali atatopa ndi kuyamba. Anapemphera pemphero lalifupi, lopanda zokometsera: “Ambuye, mwaona. Ndithandizeni pakamwa.”

Anawapeza a Belu pakhonde, akupukuta nsapato za Lamulungu ndi mswachi wakale. Nsapato imodzi inali itawala kale, ili pa nyuzipepala.

“Odi, agogo.”

“Lowani. Mawuwo ndi a amake mapasa, eti? Aja amatsinana abusa akafika pa mfundo yachiwiri?”

Telala anaima ndi chitini m’manja.

“Mumandidziwa?”

“Ndimakumvani sabata iliyonse. ‘Iwe, ndikumenya tikatuluka.’ Koma sindinamvepo kulira panja. Khalani apa.”

Anakhala pa mpando wa pulasitiki, nsalu ili pamiyendo. Analibe luso lozungulira nkhani, ndiye anangoinena mmene inalili: anapatsidwa kuti achape, anaona ngodya yokhota, anasomola, anapeta yatsopano. Sanadziwe. Sanatchule a Tcheya.

A Belu anaika mswachi pansi. Anapukuta manja pa thalauza, kawiri, mosamala, natambasula dzanja. Telala anawapatsa ngodya ija.

Chala chachikulu chinayenda pa phava la mphesa, pang’onopang’ono, chikufunafuna. Chinabwerera poyambira. Chinafunanso.

“Mwapeta bwino,” anatero.

“Pepani, agogo.”

“Ayi, mwapeta bwino zedi. Mayi akanakhalapo akanakugwirani chanza. Ngodya imeneyi inkawachititsa manyazi. Ankati, ‘Ndikatuluka muno ndikasomola, anthu asamati ndinapeta nditaledzera.’” Anaseka pang’ono, koma kusekako sikunafike patali. “Iwo ndiye ankadana nayo. Ine ayi. Ndinali pomwepo, ndinkawagwirira nsalu kuti isatsetsereke pa bulangete. Mfundo iliyonse ndinkaidziwa.”

Msozi unatsika n’kulowa m’ndevu zoyera. Sanaupukute. Chala chinali chikadali pa nsalu.

“Ndiye mawa ndigwira pati, mwanangu?”

Telala akanakonda akanamukalipira. Kukalipiridwa ankakudziwa, kuli ndi poyankhira. Anatsegula chitini, navundula mabatani mpaka anapeza kamtengo ka machesi kaja. Anakaika m’dzanja la agogo.

“Ulusi wawo ndi uwu. Sindinataye.”

A Belu anaufinya pakati pa zala. Unali ukadali wopindikapindika mmene unakhalira m’nsalu zaka zonsezo.

“Ndikhoza kubwezeretsa,” anatero telala. “Mmene zinalili ndikukumbukira. Koma mudziwe kuti likhala dzanja langa.”

“Manja anuwo sadziwa kunjenjemera.” Anakweza awo, onse awiri, akugwedezeka okha m’mwamba. “Odziwa ndi awa.”

Telala anayang’ana manjawo, nayang’ana singano. Ananyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, nailowetsa pa diso la singano kamodzi kokha, namanga mfundo.

“Munasokapo?”

“Batani, kalekale. Linagwa tsiku lomwelo.”

“Gwirani apa. Osati choncho, agogo, imeneyo si khasu. Ndi zala ziwiri.”

Anakoka mpando kufupi, natambasula ngodya ija pa bondo lake, pambali pa phava latsopano pamene panali malo oyera. Anawagwira dzanja n’kulondolera nsonga pa nsalu.

“Bayani. Kokani. Pang’onopang’ono, mudula! Ulusiwu ndi wokalamba ngati inu nomwe.”

“Mumawalankhula chonchi makasitomala anu?”

“Makasitomala sagwira singano yanga. Bayaninso.”

Msoko woyamba unali wautali ngati njere ya mpunga, wachiwiri unapita kwina. Pa wachisanu a Belu anadzibaya chala nati “Aa!” Telala anakwatula nsalu ija ngati ikupsa.

“Magazi pansalu ayi! Ndachapa kale ine, sindichapanso.”

Agogo anaseka mpaka kutsokomola, chala chili m’kamwa. Anadikira mpaka magazi ataleka, napitiriza. Pamene ulusi unkatha, pambali pa mphesa panali kanthambi kofiirira, kokhotakhota, kokhala ndi mfundo ziwiri kumaso. Zala za telala zinkayabwa. Msoko umodzi wokha, wachitatu uja, akanangoukoka pang’ono. Anakhalira manja ake.

A Belu anayendetsa chala pa kanthambiko, kuchokera pansi mpaka pamwamba.

“Mayi akanandiseka,” anatero.

“Nanenso ndikudziletsa.”

“Tipemphere, amake mapasa.”

Pemphero lawo linali lalifupi kuposa mmene ankayembekezera. Anathokoza chifukwa cha manja, ogwira bwino ndi onjenjemera omwe, napempha kuti mapasa asiye kutsinana, ngati n’kotheka.

Lamulungu telala anakhala pamalo pake, benchi yachitatu kuchokera kumbuyo. Nthawi ya mgonero anasuzumira pakati pa mapewa a anthu. Anaona mutu wa imvi ukuyenda pang’onopang’ono mbali ya kumanzere, ndodo ikugogoda simenti. Unaima pa ngodya. Dzanja linatsika, linakhala pamenepo kanthawi, mwina motalikirapo kuposa kale, poti a Namwino anayamba kufunafuna mpango m’chikwama. Kenako a Belu anatambasula manja kulandira mkate.

Mapemphero atatha, akukokera mapasa kukhomo, anamva mawu aja omveka kutsidya kwa msewu.

“Amake mapasa! Taimani.”

A Tcheya anabwera ndi nsalu yopindidwa, naiika m’manja mwake.

“Kuyambira lero yochapa ndinu. Wina angatiwongolerenso.”

“Mwezi uliwonse?”

“Mwezi uliwonse. Ndipo Lachinayi mudzakhale kutsogolo, pali zina zimene aliyense amadziwa zoti ndikuuzeni. Ndi zambiri, mubwere mutadya.”

“Ngati ntchito ndilibe,” anang’ung’udza telala.

Anatulutsa mabuku a nyimbo ndi botolo la madzi m’chikwama, naika nsalu ija pansi pake bwinobwino, ngodya yokhota ili m’kati kuti isakodwe ndi zipi. Mapasa anali atayamba kale kutsinana pa masitepe.

“Inu, ndikumenyani tikafika,” anatero.

Kumbuyo kwake a Belu anaseka.