Tsamba Lachitatu la Kalata ya Warwick

Nyumba za mumsewu umene Warwick Dunstan amakhala ku Collingwood n'zamdadada, zopapatiza, mabanja awiri kugawana khoma limodzi. Mneba akatsokomola umadzuka ndiwe. Kumaso kwa nyumba sukhudzako ngakhale njerwa imodzi, akhonsolo amati ndi mbiri ya mzinda. Ofuna malo amamanga chakuseri, chokwera m'mwamba.

Malamulo amenewa Warwick ankawadziwa kuposa mayina a ana ake. Zaka zitatu zapitazo, a Fifita, aneba ake a khoma limodzi, atapempha kuwonjezera chipinda cham'mwamba, iye analemba kalata yotsutsa ya masamba anayi. Akuti chipindacho chikanaphimba dzuwa la tomato wake. Akhonsolo anamumvera. Tomato wakeyo anali mitengo isanu yonyozoloka, yobala timbulu tosakwana ndi pa sangweji pomwe.

Tsopano mkazi wake Philippa anali woyembekezera, miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kuchipatala anati ndi mapasa. Ana awiri analipo kale, opanikizana m'kachipinda kamodzi. Mmisiri anabwera, nayezayeza, n'kunena mosapsatira kuti mitanda ya chipinda chatsopano iyenera kulowa m'khoma logawanalo, ndipo a Fifita akapanda kusaina, iye sakhoma msomali.

"Pitani mukapepese," anatero Philippa.

"Ndikapepese chiyani? Ine ndinangotsata lamulo."

"Ndiye mapasawa muzikawagoneka m'lamulo mwanumo."

Loweruka m'mawa anapita onse awiri, Philippa atanyamula pepala loti a Fifita asaine, Warwick atakumbatira katoni ya mowa. Zaka zisanu ndi zinayi akukhala khoma limodzi, munthu wophunzira chonchi sankadziwa kuti banja la a Fifita ndi la mapemphero, mowa sulowa pakhomo pawo.

Anatsegula ndi mayi Losaline Fifita. Anayang'ana katoniyo, nayang'ana mimba ya Philippa.

"Izo siyani panja, aneba. Lowani, koma muziyenda cham'mbali."

M'kanjira ka m'nyumbamo munali matiresi awiri oimikidwa kukhoma. Ana anayi anali kukhitchini, wamkulu, mtsikana, akulemba za kusukulu pamwamba pa makina ochapira. Warwick anayamba kulankhula za nyengo, kenako za mpira, kenako za ubwino wokhala mwamtendere ndi aneba. Manyazi analibe, anali ndi mantha okha kuti amukaniza.

"Pepala lanulo ndisaina," anamudula mawu mayi Losaline. Anatsegula kabati n'kutulutsa envelopu yakuda ndi manja. "Koma muyambe mwatiwerengera iyi. Akhonsolo anatitumizira. Tsamba lachitatu, pamene ndadula mzerepo."

"Aa, mayi, zakale izi..."

"Mokweza. Anawa amve chifukwa chake amagona m'njira."

Warwick anayang'ana mkazi wake kuti amupulumutse. Philippa ankadziwa za tomato zokha, kalatayo anali asanaionepo.

"Werengani," anatero Philippa.

Warwick anawerenga. "Banja lanzeru limayamba layeza nyumba yake lisanabereke. Amene abereka mosaganiza asavutitse aneba awo."

Cholembera cha mtsikana uja chinaima. Palibe anaseka, palibe anatukwana, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka Warwick, chifukwa za mkangano anabwera atakonzekera.

Mayi Losaline anasaina bwinobwino, n'kupereka pepalalo m'manja mwa Philippa, kumulambalala mwini kalata.

"Mangani, mayi. Amisiri azidutsira kuseri kwathu, zovala ndizichotsa pachingwe. Miyendo ikayamba kutupa muzindigogodera pakhomapo."

Philippa anathokoza misozi ili m'maso, ya manyazi osati ya chimwemwe.

Kuchoka pakhomo la a Fifita kufika pawo ndi mapazi anayi okha. Warwick anapezamo mpata wopumira m'mwamba.

"Waona? Zatheka. Nkhani n'kudziwa kolankhula ndi anthu."

Philippa anaima pachitseko, dzanja lili pamimba.

"Nanunso tsopano muli ndi anayi, bambo anzeru," anatero motsitsa mawu. "Tandiuzani musanalowe, ndi uti amene simukanabereka?"