Mabotolo a Aphunzitsi

"Zonsezi zizulidwe lero, mlamu," anatero azakhali, akuloza ndi phazi timitengo ta kuseri kwa nyumba. Maluwa a pamanda a mchimwene wawo anali asanafote n'komwe, koma iwo anali atabwera kale ndi woumba njerwa. Ati pamalopo pamangidwe nyumba za lendi.

Mayi wamasiyeyo anangoima ndi ndowa ya madzi otsukira mbale. Timitengoti ndi tomwe malemu amuna awo, aphunzitsi a sayansi, ankaphunzitsira ana za kusintha kwa nyengo. Kusukulu kunalibe malo, ndiye kalasi yonse inkadzadzala kunyumba. Ankati chilala cha pa bolodi mwana sachimva. Pambali pa kamtengo kalikonse ankakwirira botolo chozondotsa, kuti madzi azidontha pang'onopang'ono.

Azakhali anazula botolo limodzi n'kulinunkhiza.

"Mabotolo onsewa! Achimwene ankamwa mobisa eti? Kapena ndi anu, mlamu?"

"Bwezerani pomwe mwalichotsa."

"Iii, mwayamba kulamula? Malo ano ndi akwathu. Inu munabwera ndi kachikwama basi."

"Nanga inu mwabwera liti? Achimwene anu akubuula m'chipatala munali kuti? Foni yanu yachira atamwalira?"

Mukanawaona azakhali! Anakuwira woumba njerwa kuti ayambe kukumba. Bamboyo anakweza khasu.

Pomwepo pageti panalowa atsikana a yunifolomu, aliyense ndi chigubu cha madzi.

"Kulira kunatha, kazipitani!" anakalipa azakhali.

"Sitinabwerere kulira," anayankha wamtali. "Lero ndi tsiku lothirira. Aphunzitsi anati mtengo wako ukauma, walephera." Kenako anatembenukira woumba njerwa uja. "Ababa, mwaima pa wanga."

Bamboyo anadumpha ngati waponda moto. Anatola dothi, n'kulifikisa m'zala, n'kupukusa mutu.

"Lamchenga ili, mayi. Njerwa sizingagwire."

Bodza lenileni! Dothilo linali lofiira, lomata bwinobwino. Koma munthu anakoleka khasu paphewa, ulendo.

"Ndibwera ndi wina!" azakhali anaponya botolo lija pansi. "Simunandithe!"

Wamasiyeyo sanawayang'ane. Anagwada, n'kubwezera botololo m'dzenje lake, n'kuthiramo madzi a m'ndowa aja mosamala kuti dontho lisatayike. Atatero anagogoda tsinde la kamtengoko kawiri ndi chala, monga ankachitira amuna awo pa desiki ya mwana wogona m'kalasi.

"Dzuka iwe," ananong'ona. "Imwa."