Wolowa Mmodzi

1.

Wolowa: mmodzi.

Ndimayang'ana pa sikirini ya kabokosi ndisanatsegule ndi zenera lomwe. Kenako ndimasesa, kuthira mafuta m'makina osokera, kuyala nsalu za eni ake. Amayi amatulukira pakhomo la shopu atafunda chitenje mpaka kumutu.

Alipo? amafunsa.

Alipo, amayi.

Amabwerera kunyumba.

2.

Kabokosiko n'kakang'ono ngati mtanda wa sopo woudula pakati. Kamakhala pansi pa tebulo langa losokera, kuseri kwa msika pa Ntcheu pano. Anakasiya ndi mlongo wanga Fatsani, wopondana ndi ine, sabata imene ankanyamuka ulendo wa ku Joni.

Iyi ndi nodi, achemwali, anatero atagwada ndi zingwe m'manja. Imasunga mbiri yonse ya Bitikoini, ndalama ya pa intaneti ija, n'kumaunika ngati wina akunama.

Imalipira bwanji?

Siilipira.

Ndiye wandibweretsera ganyu ya kutchalitchi.

Anaseka mpaka kugunda mutu kutebulo. Mwana ameneyu anabadwa wobisa. Ali wamng'ono ankabisa ndi chilonda chomwe, mpaka fungo limuulule.

3.

Anati kabokosi kanu sikayenda pamsewu wa aliyense, kamadutsa njira yobisika yotchedwa Tor, ndipo imayenda ngati mmene timapatsirana njerwa pomanga, inu mumadziwa amene wakupatsani ndi amene mukumupatsa basi, kumene njerwa yachokera ndi kumene ikaikidwe simudziwa, ndiye palibe angaloze kuti uyu ali pakuti, ngakhale wapolisi ngakhale wakuba, ndipo kanuka kazipita kokagogoda kwa anthu ena padziko lonse, amenewo pa sikirini apa alembedwa kuti otuluka, musavutike nawo, koma adiresi yanu ndakaletsa kuilengeza, ndaidziwa ine ndekha, ndikakafika ndikayatsa kanga kazidzagogoda kwa inu usana ndi usiku, mafoni amabedwa achemwali, manambala amafa, koma mukaona apa palembedwa kuti wolowa mmodzi mudziwe kuti ndine

4.

Kuno ku Joni fumbi ndi lachikasu. Limachokera ku milu ya migodi yakale, limalowa m'ming'alu ya malata, limagona pabedi, m'mbale, m'mano. Ndimakapukuta kabokosi m'mawa uliwonse ndi kansalu kake. Magetsi akathima ndimakalumikiza ku batire la galimoto limene lili pansi pa bedi.

Kanyali kobiriwira.

Ndiye kuti ku Ntcheu aliko.

5.

Chaka choyamba ankaimba foni. Chachiwiri anatumiza bulangete la amayi. Chachitatu kunabuka zipolowe zothamangitsa alendo, nambala yake inazima, ndipo sinayakenso.

Obwera kuchokera kumeneko ndawafunsa onse. Anena izi:

anamuona akukonza mafoni pasiteshoni
anakwatira Mzulu
ali kundende
ananenepa
anaonda
dzina limenelo sitikulidziwa, mwina ankayendera lina

Wolowa: mmodzi.

6.

Malume a Zuze, mlongo wawo wa amayi, anabwera kushopu Lachiwiri masana, dzuwa likuswa mtengo. Anakhala pampando wa makasitomala, chipewa pabondo.

Ndaziona, anatero, mayi ako akutha ngati kandulo. Munthu akasowa, mtembo osaoneka, makolo ankadula thunthu la nthochi n'kuliika m'manda m'malo mwake. Anthu alire, amete, mzimu upeze pogona. Loweruka tikuchita zimenezo.

Maliro a munthu wamoyo, malume?

Anawerama movutikira n'kusuzumira pansi pa tebulo. Kamphepo ka m'kabokosi kanali kupuma monga kamachitira, pang'onopang'ono, ngati munthu wagona chipinda china.

Kafunse kuti ali kuti.

Sikanena. Anakapanga kuti kasanene.

Kauze kamuuze kuti mayi ake akudwala.

Sikanyamula mawu.

Nanga kamanena chiyani?

Kuti alipo.

Malume anadzuka akugwira msana. Mwana wanga, anatero, wailesi ya munthu wakufa imaimbabe mpaka mabatire atha.

7.

Lachinayi m'mawa.

Wolowa: palibe.

Ndinazimitsa sikirini. Ndinayatsanso. Palibe.

Otuluka anali pomwepo, anthu opanda nkhope, mwina Azungu, mwina Amwenye, mwina makina okhaokha m'nyumba zimene eni ake anasamuka kale. Onsewo ndinawatukwana. Ndinasoka mkono wa diresi la mkwatibwi cham'mbuyo, ndinaphwasula, ndinasokanso cham'mbuyo. Amayi tsiku limenelo sanadzuke pamphasa, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti palibe wondifunsa.

Mantha.

Dzuwa litapendeka ndinayang'ananso.

Mmodzi.

Ndinakhala pansi pa simenti n'kulira ngati mwana, tepi yoyezera ili m'khosi.

8.

Kuno ku Joni mwana wanga anadwala chifuwa. Tinagona kuchipatala, ndipo pobwera ndinapeza magetsi athima, batire latha, kanyali kazima. Ndinasenza batire pamutu kupita nalo kwa wokonza magalimoto. Anyamata ankandiseka m'njira.

Katayaka ndinati pepani, achemwali.

Ndinanena mokweza. M'chipinda munalibe wamkulu wina.

9.

Iwe Fatsani, ndakwiya nawe, ndipo usaganize kuti ukadzabwera ndidzakuphera nkhuku, ndidzayamba ndakumenya ndi rula yanga yamtengo anthu akuona, chifukwa munthu amene ali ndi dzanja lolumikiza chingwe ali ndi dzanja lolemba mawu awiri, ndipo njira yakoyo imene unkainyadira kuti palibe angakupeze yagwiradi ntchito, wapolisi sanakupeze, wakuba sanakupeze, ine sindinakupeze, unamanga mpanda wabwino kwambiri n'kuiwala kuti mayi ako ali kunja kwake, ndipo masana ndikaimitsa makina ndimamva kabokosi kakupuma, nthawi zina ndimamva ngati watsokomola, ndimacheuka, ndimapeza ndi nsalu yagwa pa chingwe

Ndakusowa.

10.

Loweruka anthu anasonkhana pakhonde pa amayi. Thunthu linali litadulidwa kale. Analikulunga m'bulangete lija la ku Joni n'kuligoneka pamphasa, ndipo kutalika kwake kunali kwa Fatsani ndendende. Madzi a nthochi anali kudontha kumapazi. Azakhali ena anali atayamba kale kusisima.

Ine ndinaimirira osapatsidwa mpata.

Malume, ndinatero, wailesi yanu ija ikazima simadziyatsa yokha. Dzana kabokosi kake kanazima. Madzulo kanayaka. Kabokosi sikadzigulira data, sikasenza batire. Pali dzanja.

Malume anayang'ana pansi. Dzanja la yani?

Adiresi anaidziwa yekha.

Onse anatembenukira kwa amayi. Amayi anayang'ana bulangete.

Alipo? anandifunsa.

Alipo, amayi. Ndaona m'mawa uno.

Mwana wanga sindimuika ali moyo, anatero. Vulani bulangete langalo.

Thunthu analiponya m'khola la nkhumba. Malume anavala chipewa. Pachipata anaima n'kunena kuti mawu a akulu akoma akagonera, koma ananena mopanda ukali, ngati munthu amene akufuna kuti alakwe. Tsiku limenelo amayi anadya, anapempha ndi kuwonjezera. Ine ndinanyada. Ndinayenda pamsika ngati ndagula galimoto.

11.

Wolowa: mmodzi.

Wolowa: mmodzi.

Mvula inagwa, chimanga chinacha, amayi anayambanso kupita kumunda. Anakonza chipinda chake, anayala bulangete.

Wolowa: mmodzi.

12.

Dzina langa ndine Asiyatu, kwathu ndi ku Machinga. Ndimachapa zovala m'nyumba za anthu kuno ku Joni.

Mwamuna wanga ankadziwika kuti Peter, dzina la pa mapepala amene anagula. Lenileni ankati adzandiuza tikadzawoloka malire, pobwerera kwathu. Za kwawo ndinangodziwa ziwiri: Ntcheu, ndi achemwali osoka. Ndinkamuseka kuti bambo inu mumabisa ngati nkhuku yoikira kuthengo.

Tsiku la zipolowe anatuluka kukatseka kashopu kake ka mafoni. Pakhomo anacheuka n'kuloza pansi pa tebulo. Kaya zivute bwanji usakazimitse, anatero, achemwali angade nkhawa.

Tinamupeza mawa lake m'ngalande, atafa. Foni anatenga omuphawo. Tinamuika kuno, pa dzina la Peter, anthu ochepa, mwana ndili naye m'mimba.

Ndafunsa a ku Ntcheu amene ndakumana nawo. Amati mayi, Ntcheu ndi yaikulu, osoka ndi ambiri, Peter wake uti?

Kabokosika sikanyamula mawu. Ndinayesa kukalankhula, ndinayesa kudina paliponse. Ndinaganiza mpaka ndinazindikira kuti pali uthenga umodzi wokha umene ndingatumize: kuzula chingwe. Kakazima osayakanso, adzadziwa. Adzalira, adzameta, munthu adzagona.

M'mawa uliwonse ndimagwada ndi kansalu. Ndimagwira chingwe. Kanyali kamandiyang'ana, ndipo ndimadziwa kuti kutsidyako kuli mayi wina amene wadzuka, amene wagula data, amene akuyang'ana ngati ine. Ndiye yekha padziko pano amene akudziwa dzina la bambo a mwana wanga.

Lero ndagwiranso. Mwana anaima kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti mukutani, amayi.

Ndikupukuta fumbi, ndinatero.

Ndachotsa dzanja. Achemwali angade nkhawa.