Jekete la Kunja ndi Makina a Pakhonde

Kalata ya khonsolo inafika Lachiwiri, mayi telala akusoka yunifolomu pakhonde. Anaiwerenga kawiri. Inanena kuti boma likufuna kutengera njira ya dziko lina lomwe linatukuka mofulumira: amisiri onse, atelala, akalipentala ndi owotcherera, asiye kugwirira ntchito pakhomo, asamukire kumashedi akuluakulu kunja kwa tauni.

Kuchipinda amuna awo anakhosomola. Chifereni ziwalo mbali imodzi, bambowo ankafunika kuwatembenuza, kuwamwetsa ndi kuwasambitsa. Makinawo anali pakhonde dala, kuti akaitana mayiwo azimva. Kumashedi kunali ulendo wa mabasi awiri.

"Ndingowalowetsa m'nyumba makinawa, ndizisoka mobisa," anauza aneba awo, bambo wopuma ntchito amene aliyense ankangowatcha Aphunzitsi.

Aphunzitsi anavala magalasi n'kuwerenga bwinobwino. "Mubisala mpaka liti, amayi? Makina amalira. Taonani m'munsimu. Ili silinakhale lamulo ayi, akadali maganizo. Lachisanu akhonsolo akukamva zonena za anthu kuholo."

"Ine ndikanene chiyani pamaso pa anthu oti anakwera ndege kukaona okha? Zakunjazo atisiye nazo basi."

"Musazikane zonse," anatero Aphunzitsi. "Mashedi ali ndi ubwino wake. Owotcherera aja akanapeza magetsi okwanira, ife n'kupuma kuphokoso ndi utsi. Kungoti akuluakuluwo anakaona mashedi, osaona zomwe zimachirikiza mashediwo. Kudziko limenelo basi imafika pa nthawi yake, ndipo odwala ngati abambowa amayenderedwa ndi anamwino pakhomo. Kuno akuwayendera ndani?"

"Ine ndemwe," anayankha mayiwo motsitsa mawu.

"Mukanene zimenezo."

Lachisanu mayiwo anasiya amuna awo m'manja mwa alamu awo, n'kupita ndi kathumba kukhwapa. Holo inali yodzaza. Mkulu wa khonsolo anaonetsa zithunzi za mashedi owala, anthu n'kumaomba m'manja. Mayi telala anaimirira, natulutsa jekete lakuda m'kathumbamo.

"Akuluakulu, jekete ili n'lochokera kunja. Nsalu yake ndi yabwino, kasokedwe kake ngakhale ine sindingakafike. Koma mwini wake atalivala, manja analendewera, mapewa n'kugwa. Sanalitaye. Anabwera nalo kwa ine, ndinamuyeza, ndipo ndikulibweza kuti limukwane. Njira mwatibweretserayi ndi yabwino, koma simunatiyeze. Ine ndili ndi odwala m'nyumba. Ndikapita kumashedi, aziwatembenuza ndani?"

Kenaka mayi wina wosoka nsapato anaimirira, akuti amalera mwana wolumala. Anatsatira bambo woluka mipando, amene sakwera basi chifukwa cha miyendo. Mlembi wa khonsolo ankalemba osadzutsa mutu.

Patatha miyezi iwiri kunabwera kalata ina. Mashedi amangidwa ndithu, koma opita kumeneko ndi a ntchito za moto, utsi ndi phokoso. Amisiri a ntchito zosasokoneza anzawo angolembetsa kukhonsolo n'kupitiriza pakhomo.

Mayi telala anakaiwerenga mokweza kuchipinda. Amuna awo, amene mawu ankawavuta kutulutsa, anangowagwira dzanja mwamphamvu, misozi ili mbwembwembwe. Mayiwo anawakonzera pilo, nabwerera pakhonde, makina n'kuyambanso kulira.

Dziko limene likufuna kutukuka liyenera kuphunzira kwa anzake, palibe chochititsa manyazi pamenepo. Koma njira yobwereka iyesedwe kaye pa moyo wa eni dziko isanasanduke lamulo. Boma likaitana anthu kuti anene maganizo awo, pitani mukalankhule. Olemba malamulo sangadziwe za wodwala ali kuchipinda kwanu ngati inu simunawauze.