Kamutu ka Usipa M'mbale ya Devji

Nkhani iyi anandiuza Killion, wokonza njinga pa Kande, tsiku lomwe basi inatisiya pamsewu. Akuti zinachitika chaka chomwe anagula khadi lake loyamba la chipani, Amwenye adakali ndi masitolo ku Chintheche.

Mlongo wake, Esnart, mayi wamasiye wa ana anayi, ankaphikira nkhalamba ina ya Chihindu, mwini sitolo, dzina lake Devji. Lamulo linali limodzi: chilichonse chopuma chisalowe mumphika. Koma Esnart akaona kuonda kwa abwana ake ankagwidwa chisoni.

"Munthu n'kumadya masamba okhaokha ngati mbuzi?" anatero Lois, mnzake wa pamtondo. "Akakufera m'manja ntchito ina uipeza kuti? Usipa si nyama iwe, n'chimodzimodzi mchere. Sinja uthire."

Esnart anasinja, n'kumathira m'chigwada ndi m'nyemba miyezi itatu. Ndiye tsiku lina kamutu kamodzi kanapulumuka mumtondo. Devji anakatola m'mbale n'kukaika pachikhatho. Kanali ndi maso ake onse awiri.

Esnart anagwada. "Ada, ndalakwa. Ndimaopa kuti mufa ndi njala. Musandichotse ntchito, ana anga adya chiyani?"

Nkhalambayo sinakalipe. "Ama, ndakalamba chonchi, chamagazi sichinadutsepo pakhosi panga. Matumba a mchere ndimatsitsa ndekha, mano onse alipo, kuchipatala sandidziwa. Njala yake iti? Kwathu timakhulupirira kuti moyo uli mwa ine ndi womwewo uli mwa kansombaka. Kakamaphiriphitha muukonde, kamafuna chomwe iwe ukufunira ana ako."

Masiku atatu Devji sanadye kanthu, ankangomwa madzi podziyeretsa. Esnart ankabwera m'mawa n'kumasesa khitchini yopanda moto, osadziwa ngati ntchito idakalipo.

Tsiku lachinayi Devji anaphika yekha mpunga, n'kumusenzetsa Esnart palichero. Anatsikira kunyanja dzuwa lili paliwombo, asodzi osoka maukonde akuwaseka. Nkhalambayo inalowa m'madzi mpaka m'mawondo, ikung'ung'udza pemphero lakwawo, n'kuyamba kumwaza mpungawo. Posakhalitsa madzi anachita ngati akuwira. Tinsomba tosawerengeka tinaizinga miyendo, waliwali. Kuseka kunatha. Msodzi wina wamkulu anavula chipewa.

Atabwerera, Devji anatsitsa mphika watsopano pashelefu ya sitolo.

"Wakale uja upite nawo kwanu, uziphikiramo ana usipa wawo. Uwu ndi wanga. Mawa nyemba."

Killion amalumbira kuti nsomba zina zinkadya m'manja mwenimweni mwa nkhalambayo. Ine nyanja iyi ndaiyenda kuchokera ku Tukombo mpaka ku Ruarwe, ndipo nsomba yodya m'manja mwa munthu sindinaionepo. Pamenepo ndikukayika ndithu. Koma za mphikazo ndikukhulupirira.