Mbewu Yosakwirira

Mbewu ya oregano, kachitsamba konunkhiritsa ndiwo, ndi yaing'ono ngati fumbi, ndipo imamera ikamaona kuwala. Sukwirira. Umangowaza pamwamba pa dothi lonyowa n'kutsindira ndi chikhatho. Zimenezi ndinawauza alamu anga, amuna awo a achemwali, iwo akutokosa m'mano.

Mbewuyo sinali yogula. Ndinaipulula pa kachitsamba kamene malemu mkazi wanga ankasamala m'chitini pawindo la nyumba ya lendi, kunja kwa dziko kuja, kumene tinakalambira tikuphikira anthu m'mahotela. Ankati tikadzabwerera kwathu tidzadzala pansi penipeni, katambasule mizu. Ndinabwerera ndekha, mbewu ili m'kabotolo ka mankhwala. Nyumba ya bambo ndinaipeza itadzaza mipando ya alamu. Mtengo wa mapeyala anadula, pabwalo anathira simenti. Ine anandiloza kachipinda kosungiramo makasu ndi kadothi kotsala kuseri kwa khitchini.

Ndinafesa pamenepo. M'mawa uliwonse ndinkawaza madzi ndi zala ngati munthu wosita malaya.

Tsiku lina ndinapita kukakonzetsa magalasi. Pobwera ndinapeza pamene ndinafesa paja ataunjikapo manyowa a nkhuku, atathirapo madzi a m'ndowa, pali matope okhaokha.

"Wachita izi ndani?"

"Ndakuthandizani, alamu," anatero mwini manyowa, akupukutira manja m'thalauza. "Mbewu kuisiya pamtunda ngati mwataya? Anthu akaona aziti pakhomo pano palibe mwamuna."

"Ndinakuuzani kuti siikwiriridwa!"

"Aaa, za m'mabuku izo. Ine ndinayamba kudzala inu musanakwere ndege."

Achemwali anasuzumira pawindo la khitchini, mpeni uli m'manja. "Achimwene, mpaka muphane chifukwa cha timasamba tonunkhiritsa ndiwo? Mchere ulipo."

Ndinagwada n'kuyamba kupala manyowawo ndi manja. Koma fumbi ungalitole bwanji m'matope? Alamu anaima kumbuyo kwanga, manja m'chiuno.

"Zikamera mudzandithokoza."

Panamera udzu.

Ndinagogoda kabotolo kaja pachikhatho, ndipo munatuluka timbewu tochepa timene tinakanirira kunsi. Ndinatapa dothi m'chitini cha mkaka, ndinawaza, ndinatsindira. Kenako ndinapita kukagula loko.

"Kukiya chitseko m'nyumba ya bambo anu omwe?" anadandaula achemwali.

"Eya."

Tsopano kachitsamba kamera, timasamba tiwiritiwiri, ukakhudza fungo limatsala kuzala. Kali m'chitini, pawindo, m'chipinda chokiya, monga kunja kuja. Pansi penipeni ndi pa alamu.